A Khutu ndi Mluzu wa mu Injini

"Ndimange mpaka pati, Ababa?"

Profesa anafunsa ali chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuonekera kunja. Bambo ake, amene aliyense wokhala ndi galimoto m'tauniyo ankawadziwa kuti a Khutu, anaima pambali atagwira m'chiuno. Anamuyankha monga mwa masiku onse, kuti amange mpaka bautiyo itanena yokha kuti basi. Mtsikanayo anatulutsa mutu, girisi ali pamphuno, n'kunena kuti bauti silankhula, ndipo m'buku lake analembamo nambala yeniyeni ya mphamvu yomangira bauti ya pamalo amenewo.

"Ndiye itana nambalayo idzamange," anatero a Khutu, n'kumulanda sipanala.

Dzina lakuti Profesa anamupatsa ndi iwo omwe, tsiku limene anabwerako ku koleji ya zaumakanika. Kukolejiko anamutumiza okha, ndipo nthawi imeneyo ankayenda chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense wofika pagalajapo kuti mwana wawo wamkazi adzawaposa. Atabwerako anapeza kuti mwana wabwera ndi mutu wodzaza koma manja ali lende. Injini ankatha kuijambula papepala osaonera, kachitsulo kalikonse pamalo pake, n'kufotokoza chifukwa chake kalipo. Koma sipanala ikamuterereka ankaiyang'ana ngati yamulakwira. Sikunali kulakwa kwake kwenikweni. Kusukulu kwawoko kunali injini imodzi yokha, yodulidwa pakati ndi kupakidwa utoto wofiira ndi wobiriwira kuti ana aziona zam'kati. Injini imeneyo inali isanalirepo chibwerere pasukulupo.

A Khutu okha anaphunzira kwa amalume awo, munthu amene ankaphunzitsa ndi mbama. Funso lakuti "chifukwa chiyani" linkayankhidwa pankhongo. Anakula akudziwa zinthu zambirimbiri zimene sankatha kuzinena, ndipo chachikulu mwa zonsezo chinali kumva. Galimoto ikamakhota pachipata, iwo anali atadziwa kale chimene chikuivuta. Anthu ankachokera kutali, kudutsa magalaja a zikwangwani zowala ndi makompyuta, kudzangoimitsa galimoto pabwalo lafumbilo kuti a Khutu atcherepo khutu. Nyumba, sukulu ya ana, ulemu wa mumsewu, zonse zinachokera m'makutu awiriwo.

Koma chaka chino zinthu zinayamba kuwatalikira. Mbalame za mumtengo wa pachipata zinaleka kulira, iwo n'kumati zathawa utsi. Akazi awo anayamba kulankhulira m'kamwa, ndipo anawadzudzula kangapo. Wailesi inayamba kufooka ngakhale aike mabatire atsopano. Aliyense anali wolakwa kupatula mwini makutu.

Bauti ija isanathe kumangidwa, pachipata panalowa kagalimoto koyera konyamula katundu. Mwini wake anali mayi wina woweta nkhuku, kasitomala wakalekale, amene pagalajapo ankangowatchula kuti Mayi a Anapiye. Anatsika injini ikali kulira, akulankhula asanatseke n'komwe chitseko. Anati masana omwewo akunyamuka ulendo wautali kukatenga anapiye ongoswedwa kumene, ndipo msewu wake ndi wopanda mthunzi. Galimoto ikangoima panjira dzuwa lili pamutu, tianapiyeto timatha tonse m'makatoni momwemo. Tsono kuyambira dzana kagalimotoko kakuchita phokoso limene silikuwasangalatsa.

A Khutu anatsegula boneti n'kukweza dzanja m'mwamba. Dzanja limenelo linkadziwika. Profesa anatuluka pansi paja n'kuima chilili, ndipo ngakhale wamatayala, amene malo ake anali kuseri kwa mpanda wawaya, anasiya kumenya nyundo. A Khutu anatsinzina, n'kupendeketsa mutu.

Anamva kugunda kwa pansipansi kokha, kolemera, ngati mvula ikugwa kutsidya. Pamwamba pake panalibe kanthu. Anapendeketsa mbali inayo, koma zinali chimodzimodzi. Mosaonetsera anatsamiritsa chikhatho pathupi la galimotoyo ngati akungopumula, ndipo dzanja linawauza kuti pali chinachake chikunjenjemera chapansi. Anagwada, n'kupeza kamalata kotchinga paipi ya utsi katamasuka. Mtima unakhala pansi. Anakamanga mofulumira, n'kudzuka akupukuta manja, n'kulengeza kuti matenda ake anali omwewo.

"Ababa," anatero Profesa chapansipansi, "pali kaphokoso kenanso. Kakang'ono, ngati mluzu. Kakuchokera kutsogoloku."

A Khutu anamuyang'ana. Kuwatsutsa pamaso pa kasitomala, pa nkhani ya kumva, chinali chinthu chimene sichinachitikepo pabwalo limenelo.

"Mluzu umenewo uli patsamba lachingati, a Profesa?"

Mayi a Anapiye anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati nawonso makutu awo akumvabe kaphokoso kenakake, koma makutu awo ndi ozolowera nkhuku, ndipo ngati a Khutu anena kuti zatha ndiye kuti zatha. Anamusisita Profesa paphewa, n'kumuuza kuti aphunzire bwino kwa bambo ake pakuti madalitso otere sapezeka m'kalasi. Mtsikanayo anazyolika. Sanalimbikire, chifukwa iye mwini sankadzikhulupirira. Phokoso la chitsulo chodwala anali atangoliwerenga, sanali atalimvapo ndi makutu. Mayiwo anakwera, nanena kuti akudutsa kaye kusitolo kwawo kukapakira makatoni opanda kanthu, kenako ulendo.

Kagalimotoko katatuluka, a Khutu anasowa pokhala. Anatola jeke n'kuisiya. Anayamba kusesa pansi posesedwa kale. Anatsegula boneti ya galimoto ina yodikira, n'kuiyang'ana osaona kanthu, n'kuitsekanso. Anakhala pabenchi, koma benchilo linali ngati lili ndi minga. Anadzuka kukamwa madzi ludzu alibe. Mumtima ankabwerezabwereza kuti mwanayo ndi wamwano chabe, sukulu yamukwera m'mutu, ndipo madzulo akamuuza amake kuti amulangize.

Ali piringupiringu choncho, wamatayala analowa kudzabwereka sipanala yaikulu. Anali munthu wanthabwala, wolankhula mokuwa chifukwa cha nyundo yake, motero mawu ake okha a Khutu ankawamva onse.

"Kagalimoto ka mayi aja kaphunzira liti kuimba mluzu? Kandidutsa apa ndimayesa ndi mnyamata akuitana chibwenzi." Anasankha sipanala yake n'kuonjezera, akutuluka, kuti poti akaona ndi a Khutu ndiye kuti ndi kaimbidwe kake chabe.

A Khutu anaseka nawo modzikakamiza. Anadikira kuti munthuyo apite, n'kuzembera kuseri kwa galaja, kumene kunali kachipinda kosungiramo zitsulo zakale. Anatseka chitseko. Anatola kanati kakang'ono m'chitini, n'kukagwetsa pasimenti. Anakaona ndi maso awo kakugunda pansi, kakudumpha, kakugubuduka mpaka pakona. Kanachita zonsezo mwakachetechete. Anagwetsa kena, n'kuwerama kuti khutu liyandikire, koma kunali zii. Anatulutsa makiyi a kunyumba n'kuwagwedeza pafupi ndi khutu lamanzere, kenako lamanja. Makiyi ankavina okha ngati m'maloto.

Mantha anawagwira, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chikulire. Sanaope imfa kapena njala. Anaopa tsiku limene anthu adzadziwe, tsiku limene dzina lija lidzasanduke nthabwala ya m'mabasi. Anayamba kuwerengera m'mutu magalimoto amene anawatulutsa miyezi yapitayi atangowagwira ndi dzanja, n'kumadzifunsa kuti ndi angati anatuluka akuimba mluzu iwo akumwetulira. Kenako anadzilimbitsa mtima kuti mwina n'chimfine, mwina ndi phula la m'makutu, mwina mawa zikhala bwino. Ndipo mluzu ndi mluzu basi. Magalimoto ambirimbiri amayenda akulira mpaka kukalamba. Akangokhala chete, palibe amene angadziwe.

Atatuluka anapeza Profesa ali pampopi, akusamba m'manja ndi sopo waufa, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Ovolosi anali atavula n'kuipachika pamsomali. Anawauza osawayang'ana kuti kusitolo ya zipangizo za magalimoto akufuna munthu wapakauntala wodziwa mayina ndi manambala a zitsulo, ndipo iye akupita kukadzionetsa. Kumeneko, anatero, nambala sainyoza. Kenako anapitiriza.

"Ine ndikudziwa chimene chitsulo chimachita ndi chifukwa chake, koma sindidziwa kalilidwe kake. Inu mukudziwa kalilidwe kake, koma simunena. Ndikafunsa mumandiseka. Ndiye ndiphunzira bwanji, Ababa?"

A Khutu anafuna kukalipa, koma analeka. Chimene chinawabwerera m'mutu si chisoni cha mwana ayi, tisaname. Anangoona kuti mtsikanayo akatuluka pachipatapo, pagalajapo patsala munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi gonthi. Anakanda pamutu, anayang'ana kumsewu, anayang'ana pansi. Kenako anamufunsa mwaukali, ngati akumuyesa mayeso, kuti kaphokoso kake kajako kanali kotani.

Profesa anaima mowongoka ngati ali m'kalasi, n'kuyamba kufotokoza kuti linali phokoso lam'mwamba, losadukiza, la mtundu umene mabuku amati umasonyeza kukhulana kwa zitsulo zozungulira.

"Usandiwerengere buku. Lichite ndi pakamwa."

Mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku. Munthu wa satifiketi yake, kuima pabwalo masanasana n'kumalira ngati galimoto, zinamuchititsa manyazi. Koma nkhope ya bambo ake inali yachilendo, yopanda chipongwe chija. Anakoka mpweya, n'kulumanitsa mano, n'kutulutsa kamawu kakatali, "tswiiii."

A Khutu sanakamve. Chimenecho chinawalasa kuposa kanati kaja, chifukwa awa anali mawu a mwana wawo. Koma anaona. Anaona mano atalumana, milomo itakokekera m'mbali, mpweya ukutuluka osaduka. Anamuuza kuti abwereze, maso ali pakamwa pake. Kenako anayamba kumupanikiza ndi mafunso, limodzi pambuyo pa linzake. Kodi mayi aja ataponda moto potuluka, mluzuwo unakwera kapena unakhala pomwepo? Profesa anati unakwera n'kuonda. Nanga atasiya moto pachipata, unaduka nthawi yomweyo? Ayi, unatsika pang'onopang'ono. Unali wouma kapena wonyowa? Apa mtsikanayo anachita kakasi, pakuti palibe buku limene linamuuzapo kuti phokoso limanyowa. Anatsinzina, n'kuganiza, n'kudabwa yekha kuti yankho analinalo. Unali wouma.

Phokosolo linalira m'mutu mwa a Khutu, lonse lathunthu, monga ankalimvera kale. Inali beringi ya kagudumu kamene kamakunga lamba wam'kati mwa injini. Yauma mafuta, ndipo ikadzagwira, lambayo aduka. Anamuuza zimenezo, ndipo polankhula anamva kupepukidwa pang'ono. Anati si nkhani yoopsa kwambiri. Lamba akaduka galimoto imangozima, munthu amaikoka n'kuikamo wina. Mwina ikafika ndi kubwerako. Adzawauza mayiwo sabata yamawa, ngati nkhani yatsopano.

Profesa anapukusa mutu. Anapita pagalimoto yodikira ija, n'kuyamba kujambula ndi chala pafumbi la pagalasi. Anati zimenezo zinali zoona pa injini zakale zimene bambo ake anakula nazo. Koma mu injini ya mtundu wa kagalimoto kaja, mapisitoni ndi mavalavu amagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ngati anthu awiri ogona bedi limodzi, wina usana wina usiku. Amene amasunga nthawi yosinthanayo ndi lambayo. Akaduka galimoto ikuthamanga, onse amafika pabedi nthawi imodzi, ndipo injini imadzitafuna yokha. Pamenepo palibenso zoika lamba wina.

A Khutu anayang'anitsitsa mizere ya pafumbiyo. Injini zophwanyika m'kati mwa mtundu umenewu anali atazionapo, zitabwera zokokedwa pa chingwe, ndipo nthawi zonse ankatukwana madalaivala kuti ndi ankhanza. Palibe amene anawauzapo chifukwa chake, ndipo iwo sanafunsepo. Tsopano anaona kagalimoto koyera kali pambali pa msewu wopanda mthunzi, injini itafa, makatoni ali chete kumbuyo, ndi mayi amene anawakhulupirira kuposa makutu awo omwe.

Anamuuza Profesa kuti awaimbire foni mayi aja. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. A Khutu anazungulira galimoto ija kawiri, anatola chipewa n'kuchisiya, n'kuchitolanso. Anaganiza zotuma mwanayo yekha, kuti akanene kuti bambo aiwala kuona kanthu kena. Koma anadziwa kuti mayi aja sangasiye ulendo wawo chifukwa cha mawu a mtsikana amene iwo omwe anamusandutsa choseketsa m'mawa womwewo. Anakoka chitseko cha galaja, osachikhoma n'komwe, n'kuuyamba wapansi.

Anadutsa njira zachidule, kuseri kwa masitolo, kulumpha ngalande, kupanikizana ndi anthu a mitolo pamutu. Njinga yamoto inawaphonya pang'onong'ono pamphambano, ndipo Profesa anawakoka malaya. Mwini njingayo anakuwa kuti wakhala akuliza belu, kodi mdalayu alibe makutu? Bambo ndi mwana sanayang'anane. Kuyambira pamenepo mtsikanayo anayenda mbali ya kumsewu, dzanja lili pachigongono cha bambo ake.

Anapeza kagalimotoko kali pakhomo pa sitolo, makatoni atapakidwa kale, Mayi a Anapiye ali pachiwongolero akumanga lamba wa pampando. Pakhondepo panali anthu ogula mazira ndi chakudya cha nkhuku, ena mwa iwo makasitomala a pagalaja. A Khutu anafika ali wefuwefu n'kugwira chitseko. Anawauza mayiwo kuti azimitse injini, galimotoyo siyenera kupita kulikonse lero.

Mayiwo anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anati anapiye akuwadikira, ndipo akapanda kufika lero eni ake awapatsa munthu wina. Si iwo omwe a Khutu amene anati zatha? Si iwo amene anamvetsera ndi makutu awo, aliyense ali chete? Ndiye chasintha n'chiyani, kapena mwana wa mabukuyu wawatembenuza mutu? Anthu a pakhonde anasiya zogula n'kuyandikira.

Mabodza abwinobwino analipo, ndipo a Khutu anawaona onse ali pamzere. Akanatha kunena kuti phokosolo layamba galimoto itatuluka kale, kapena kuti analimva koma sanafune kuwaopseza. Anthu akanawakhulupirira, mwinanso kuwatama. Koma mawa kukanabwera galimoto ina, iwo n'kukwezanso dzanja, n'kutsinzinanso, n'kumanamizira. Anavula chipewa.

"Sindinamve, mayi. Makutu angawa anatha. Amene anamva ndi mwanayu."

Wina anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala, n'kusiyira panjira. Mayi a Anapiye anawayang'ana a Khutu nthawi yaitali, mkwiyo ukusungunuka n'kusanduka chinthu china chimene a Khutu sanachikonde ngakhale pang'ono. Anazimitsa injini. Kenako anatembenukira kwa Profesa n'kumufunsa kuti vuto lake n'chiyani kwenikweni, ndipo mtsikanayo anafotokoza bwinobwino, osachita chibwibwi. Mayiwo anagwedeza mutu n'kumufunsanso kuti ntchito yake itenga nthawi yaitali bwanji, kuti aimbe foni kwa eni anapiye awapemphe kudikira mpaka mawa.

Pa zaka zonse zimene a Khutu anagwira sipanala, aka kanali koyamba kuti kasitomala afunse munthu wina iwo ataima pomwepo. Zinawapweteka, ndipo sanabise nkhope.

"Ndisaname, mayi, injini yamoyo sindinaitsegulepo," anatero Profesa. "Nthawi yake akudziwa ndi Ababa."

Mayiwo anatembenukira kwa a Khutu. Anaweramira pafupi, n'kubwereza funso lija mokweza, liwu limodzilimodzi, akutsegula pakamwa kwambiri, monga amachitira anthu polankhula ndi agogo a pampando. Sanachite mwachipongwe. Anachita mwachifundo, ndipo msewu wonse unamva.

A Khutu anayankha kuti pofika madzulo ikhala itatha, ngati kagudumuko kapezeke m'sitolo. Anavala chipewa chawo. Mayiwo anatambasula dzanja la makiyi, n'kuzengereza pang'ono pakati pa awiriwo, ndipo a Khutu analoza mwana wawo ndi chibwano. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto kuti asadutse pakati pa anthu aja, n'kukakhala kumpando wa wokwera, umene anali asanakhalepo m'galimoto ya kasitomala.

Profesa analiza injini. A Khutu anaika chikhatho pafupi ndi galasi lakutsogolo, maso ali kumsewu.

"Uyende pang'onopang'ono," anatero. "Mluzu uja ukangoyamba kulira, undiuze."

"Wayamba kale, Ababa."